Mutu 5: Mankhwala a Imvi za Bua

1. Kubaya amla

Amla sabayidwa mothamanga. Umagwira chipatso chimodzi, n'kuchibaya ndi foloko mbali zonse mpaka foloko igunde nthanga, kenako n'kuchiponya m'beseni la madzi. Ukabaya mwaulesi shuga salowa, ndipo chipatsocho chimakhalabe chowawasa ngakhale chigone m'botolo chaka chathunthu.

Loweruka limenelo ndinakhala pakhonde ndi dengu lodzaza. Inali nyengo yozizira, pamene mitengo ya amla kwathu ku Pratapgarh imawerama ndi zipatso. Zaka zonse ntchitoyi ndinkaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Chaka chimenechi mkono unkalema ndikangobaya zipatso zochepa. Ndinkaika foloko pansi, n'kudikira kuti mtima usiye kugunda m'makutu.

Pabwalo panali Bua Phoolmati, achemwali a bambo anga, amene anabwerera kwathu amuna awo atamwalira. Anakhala pa kabedi ka zingwe akuwothera dzuwa, mutu wonse utapakidwa phala lakuda bii. Mwezi uliwonse ankaviika ufa wa amla m'chiwaya cha chitsulo n'kuusiya ugone. Kukacha ufawo unkakhala utada, ndipo ankaupaka kumutu kuti imvi zibisale.

"Sulekha, ukubaya amlawo kapena ukuwasisita?" anafunsa Bua.

"Ndikubaya, Bua."

"Baya ngati munthu woti wadya. Alendo akadzalawa adzafunsa kuti wakonza ndani."

Alendowo anali banja la ku Jaunpur. Ankafuna kudzandiona kuti mwina ndikwatiwe ndi mwana wawo Harivansh, amene amagwira ntchito kunjanji. Bua ndi amene anawapeza. Akulu anagwirizana kuti alendowo akandikonda, ukwati udzachitika nyengo yotentha, ndikadzakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu n'kulemba mayeso otsiriza a sekondale. Ine palibe anandifunsa, ndipo sindinafunse aliyense.

Bua anandiyang'anitsitsa, kenako anaitana mayi anga.

"Amake Sulekha, tabwerani mudzamuone mwana wanu padzuwapa! Chaka chatha anali wakuda ngati bambo ake. Onani lero. Woyera ngati mkaka! A ku Jaunpur akangomuona aiwala kumwa tiyi."

Amma anasuzumira pakhomo la khitchini, manja ali ufa wokhawokha. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Ndinaimirira kuti ndinyamule beseni. Khonde linapendekeka, dzuwa linazima. Pamene ndinkatsegula maso, ndinali chigonere pansi, amla atamwazika bwalo lonse, Amma akundiwaza madzi kumaso.

"Ndi njala chabe imeneyo," anatero Bua. "Mpatseni tiyi wamphamvu."

2. Mlendo wamanyazi

Lolemba Amma anandidikira pageti la sukulu n'kupita nane kuchipatala cha boma. Nesi anandibaya chala, anayeza, n'kupukusa mutu. Anati magazi anga achepa kwambiri, ndipo anandipatsa mapiritsi a ayironi, ndiye kuti chitsulo.

Amma sankakhulupirira mapiritsi okha. Pobwerera tinadzera kwa a Ramadhar, sing'anga wa mankhwala a makolo athu, amene aliyense amangowatcha a Vaidji. Ndi nkhalamba yowonda, ya magalasi omangidwa ndi ulusi.

Anaika zala zitatu padzanja langa n'kutseka maso. Kenako anakoka chikope changa cham'munsi, anaona lilime, anaona zikhadabo.

"Masitepe a kusukulu umakwera bwanji?"

"Ndimapuma panjira."

"Tsitsi?"

"Limatsalira pachipeso."

"Nanga chimene umadya mobisa n'chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. Amma anandigunda ndi chigongono.

"Zidutswa za makapu adothi," ndinanong'ona.

A Vaidji anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu amamwa tiyi n'kutaya kapu. Iwe umadya kapuyo! Usachite manyazi, mwana wanga. Thupi losowa chitsulo limalakalaka dothi. Si misala."

Anatenga mapiritsi aja, anawerenga pepala lake, n'kuwabwezera kwa Amma.

"Mverani nonse awiri, chifukwa ndakalamba n'kubwereza mawu amenewa. Matendawa makolo anawatcha pandu, kutanthauza kutumbuluka. Magazi amafuna chitsulo monga nyale ifunira mafuta. Mtsikana amataya magazi mwezi uliwonse, komanso m'nyumba zathu ndi iye amene amadya pomalizira, ndiwo zitatsala msuzi wokha. Mapiritsi awa ndi abwino, amwe monga nesi wanenera. Ine sindipikisana ndi chipatala. Zala zanga zimamva kuti magazi achepa, koma sizidziwa kuti achepa bwanji.

"Koma kumeza chitsulo ndi kwina, kuchilandira ndi kwina. Chitsulo chili ngati mlendo wamanyazi. Chimafika pakhomo n'kuima. Popanda wochitsegulira chimangodutsa n'kupita. Amene amatsegula ndi amla, chipatso chimene mukuchiponda pabwalo panu. Amene amatseka ndi tiyi. Ndaona atsikana ambiri akumeza mapiritsi ndi tiyi miyezi ndi miyezi, kenako makolo awo n'kumati mankhwala a boma ndi achabe. Ayi. Anamuitana mlendo, okha n'kutseka chitseko.

"Ndiye chitani izi. Mphodza ndi masamba muziphika m'chiwaya cha chitsulo. Pa chakudya chilichonse adye amla wamuwisi wothira kamchere. Wina mupale, mumuphike pang'ono m'chiwaya chomwecho pamodzi ndi shuga wa nzimbe wosayeretsa, azinyambita supuni imodzi akamadya. Tiyi asayandikire chakudya kapena mapiritsi. Akafuna tiyi amwe pakati pa tsiku, m'mimba mutapepuka."

"Nanga phala la amlalo silida m'chiwaya?" anafunsa Amma.

"Lida. Ngakhale chimbudzi chake chida chifukwa cha mapiritsi, musaope. Khungu lokha silidzada kuposa mmene anabadwira. Magazi akabwerera, lidzangobwerera kwa mwini wake."

Nkhope ya Amma inaonetsa kuti akuganiza za munthu amene watsala kunyumba.

3. Chenjezo la Bua

Madzulo omwewo Amma anapala amla n'kuyamba kuphika. Sipanatenge nthawi, phala linayamba kuda. Fungo lake linamuitana Bua.

"Mwatenga chiwaya changa? Mwayamba imvi inunso, amake Sulekha?"

"Si za kumutu izi, Jiji," anatero Amma. Jiji ndi dzina limene Amma ndi Babuji, bambo anga, amawaitanira Bua, chifukwa ndi aakulu. "Ndi mankhwala a Sulekha. Azidya."

"Azidya?"

Amma anafotokoza zonse, za nesi ndi za a Vaidji. Bua anamvetsera manja ali m'chiuno. Kenako anavula nsalu kumutu n'kuloza tsitsi lawo.

"Onani mutu uwu. Lachisanu unali woyera. Lero ndi wakuda ngati khwangwala. Chaudetsa n'chiyani? Amla ndi chitsulo! Ndiye inu mukufuna kuthira utoto wa tsitsi m'mimba mwa mwana, alendo ali panjira?"

"A Vaidji akuti khungu silida."

"Ramadhar! Ameneyo ndinamuona akuthamangitsidwa ndi mbuzi ali wopanda kabudula. Lero akudziwa za khungu la akazi? Nanga mapiritsiwo? Funsani mayi aliyense pachitsime. Amene anamwa ali ndi pakati anabereka ana akuda."

"Jiji, amuna awo ndi akudanso."

"Musandiyankhe!"

Bua anachotsa chiwaya pamoto. Anakhala pansi mwamphamvu, ndipo mawu awo anatsika.

"Mundimvere, amake Sulekha. Ine sindine mfiti. Mwanayu ndinamusambitsa ali wakhanda. Koma dziko ndinalidziwa inu musanaponde pakhomo pano. Mukudziwa kuti ine anadzandiona mabanja angati m'nyumba ino? Ankabwera, n'kumwa tiyi wa amayi anga, n'kudya maswiti. Mayi wa mnyamata ankandigwira chibwano n'kutembenuzira nkhope yanga kuwindo. Kenako ankati, 'Tikuyankhani.' Mpaka lero ndikudikira yankho lawo.

"Ndinkadziwa kuphika, kusoka, kuimba nyimbo zonse za ukwati. Palibe anafunsa zimenezo. Ankaona khungu basi. Anzanga onse anapita, ine n'kutsala ngati mphika wong'aluka pamsika. Pomaliza ananditenga bambo wofedwa, wamsinkhu wa bambo anga, ndipo anamwalira ndisanaone mwana. Ndi chifukwa chake ndili pano, kudya chakudya cha mlongo wanga.

"Ndiye lero mwayi wagogoda. Mwana wayera yekha, popanda sopo, popanda mafuta a kusitolo. Chizungulire sichipha munthu. Tonse tinachita chizungulire tili atsikana. Koma kukanidwa kumakutsata mpaka ukalamba. Apirire. Alendo amuone, ukwati uchitike, kenako amwe ngakhale chiwaya chonse ngati akufuna."

Pa nthawiyo Babuji anali atalowa kuchokera kumsika kumene amagulitsa amla. Amma anawayang'ana mopempha.

"Izi ndi za akazi," anatero Babuji akuvula nsapato. "Jiji akudziwa."

Bua anatenga mapiritsi n'kukawatsekera m'bokosi lawo la malata. Phala lija anapaka kumutu kuti lisawonongeke. Ine ndinali nditaima pakhomo nthawi yonseyi. Ankakangana za thupi langa, ndipo sindinanene ngakhale liwu limodzi.

4. Matenda awiri

Kuyambira pamenepo Bua anayamba kundisamalira okha. Pa chakudya chilichonse ankandiikira kapu ya tiyi wakuda wothira shuga wambiri, n'kukhala pambali mpaka nditamaliza.

"Imwa, upeze mphamvu. Ukuona mmene ndikukukondera?"

Ankandikondadi. Ankanditikita miyendo ndi mafuta, ankandiletsa kuchapa, ankandibisa padzuwa. Amla wamuwisi ndinkadya mobisa ndikamadutsa m'munda, koma popanda mapiritsi, tiyi ali pambali pa mbale, sindinaone kusintha.

Njinga ndinayamba kuikankha m'malo moikwera. Kalasi yathu ili pamwamba, ndipo ndinkafika aphunzitsi atayamba kale. Pa mayeso okonzekera, zilembo zinayamba kusambira papepala. Ndinagoneka mutu padesiki kuti ndipume pang'ono, belu n'kulira ndisanafike theka.

"Sulekha, mutu uli nawo," anatero aphunzitsi a masamu pondibwezera pepala. "Koma ukapitiriza chonchi, mayeso enieni udzalembera kuchipatala."

Tsiku lina ndikukankha njinga ndinakumana ndi a Vaidji akuchokera kokathyola masamba. Anandiimitsa n'kundiyang'ana kumaso.

"Ukumwa?"

Ndinapukusa mutu.

"Phoolmati?"

Ndinagwedeza mutu.

"Kodi lilime linatha nalonso? Mvera, mwana wanga. Ine ndikhoza kubwera kwanu, koma azakhali akowo andithamangitsa ndi tsache monga ankachitira tili ana. Dziwa ichi. Matendawa amayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake anthu amawapeputsa. Mtima wako ukugwira ntchito ya anthu awiri kuti magazi ochepawo afike paliponse. Miyezi imene akukuuza kuti upirireyo, mtimawo supuma. Ndipo ukalowa m'banja uli chonchi n'kutenga pakati, tsiku lobereka ulibe magazi oti utaye. Ndaperekeza atsikana otere kumaliro, ndipo onse anali okongola. Iwe uli ndi matenda awiri: magazi ochepa ndi mawu ochepa. Achiwiriwo ine ndilibe mankhwala ake."

Kunyumba, Amma akundiluka tsitsi, ndinawauza zimene a Vaidji ananena. Manja awo anaima.

"Pirira pang'ono," ananong'ona. "Alendo akangopita ndilankhula nawo."

"Bua anati mpaka ukwati."

Amma anachotsa tsitsi limene linatsalira pachipeso, analikulunga pachala, n'kulibisa m'dzanja kuti ndisalione.

5. Thireyi ya tiyi

Alendo anafika Lamlungu masana. Bua anandiveka sari, nsalu yawo yaitali yobiriwira yodzikulunga, imene amati imawalitsa khungu. Anandipaka zakuda m'maso, n'kundiuza mayendedwe.

"Maso pansi. Ukafunsidwa uyankhe mwachidule. Usaseke mano onse. Ndipo usagwe, wamva? Ukafuna kugwa, udikire apite."

M'chipinda chochezera munali anthu asanu ndi mmodzi. Babuji anakhala ndi bambo a mnyamata. Harivansh anakhala pakona akuyang'ana mawondo ake, ngati kuti nayenso amukokera kuno. Pampando waukulu panali mayi ake, a Kaushalya, mayi wamtali wa maso akuthwa. Bua anakhala pambali pawo, Amma ataima pakhomo.

Ndinalowa ndi thireyi ya tiyi. Kuchokera kukhitchini kufika patebulo si patali, koma makapu anayamba kugundana, tiyi n'kutayikira m'timbale.

"Manyazi!" anaseka Bua. "Mwana wathuyu ngakhale mphaka akamuyang'ana amanjenjemera."

Ndinapereka makapu, n'kugwira mapazi a akulu monga mwa mwambo. Poweramuka maso anachita mdima, koma ndinagwira tebulo.

"Khala apa, mwana wanga," anatero Mayi Kaushalya.

Ndinakhala. Anandigwira chibwano n'kutembenuzira nkhope yanga kuwindo. Ndinaona Bua akumeza malovu.

"Simunaname, a Phoolmati," anatero mayiwo. "Ndi woyeradi. Koma bambo ake ndi akuda, mayi akenso si oyera kwenikweni. Watengera ndani?"

"Agogo ake akuchikazi! Ankawala mumdima ngati mwezi."

Babuji anatsokomola. Agogo amenewo anali akuda kuposa tonse.

"Amaphika?"

"Lawani amla uyo. Manja ake amenewo."

"Thupi lake lili bwino? Ndikuona ngati ndi wowonda. Kwathu ntchito ndi yambiri, nyumba ndi ya masitepe."

"Uyu? Chibadwire sanadwalepo ngakhale chimfine," anatero Bua. "Ndi kuwerenga kumene kwamuwondetsa. Mabuku akatha anenepa."

Mayi Kaushalya analawa amla, anagwedeza mutu, n'kuyang'ana amuna awo. Bambowo anamwetulira. Ndinaona kuti nkhani yatsala pang'ono kutha, ndipo ikatha, bokosi la Bua likhala lotseka mpaka nyengo yotentha.

"Chatsala chimodzi," anatero mayiwo. "Chilowereni sitinamve mawu ake. Mchemwali wanga anatenga mpongozi wokongola, n'kudzazindikira ukwati utatha kuti ndi wachibwibwi. Lankhula, mwana wanga, timve."

"Ndinene chiyani?" ndinafunsa.

"Chilichonse chimene chili mumtima mwako."

"Anene ndakatulo ya kusukulu," anafulumira Bua. "Sulekha, ija ya mvula ija."

Ndinayang'ana Amma pakhomo. Anali ataluma nsonga ya nsalu yawo. Ndinaika manja pamawondo, ndipo ndinadzutsa maso.

"Mayi, kuyera kumene mukukuonaku si kwanga. Ine ndine wakuda ngati Babuji."

"Sulekha!" anatero Bua.

"Ndikudwala. Magazi anga achepa, kuchipatala anayeza. Makapu aja sanagundane chifukwa cha manyazi. Thireyi ija ikundilemera. Masitepe a kusukulu sindikwera osapuma, ndiye a kwanu sindikudziwa kuti ndidzakwera bwanji. Mankhwala alipo m'nyumba momwe muno, ndipo ndikufuna kuyamba lero, mapiritsi ndi amla yemwe. Ndikachira, khungu langa libwerera mwakale. Ngati mukufuna kundiona, mudzabwere nthawi imeneyo, mudzaone munthu amene mungakhale naye."

Mpweya unandithera. Ndinapuma, n'kutembenukira kwa azakhali anga.

"Bua, mundikhululukire. Ndikudziwa zimene anakuchitani anthu aja, ndipo ndikudziwa kuti mumandikonda. Koma kuli bwino andikane ndili wamoyo."

Harivansh anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba. Mayi Kaushalya anaika kapu patebulo pang'onopang'ono, osandichotsa maso.

"Amuna nonse, tatulukani panja," anatero. "A Phoolmati, inu khalani pomwepo. Tsekani chitseko, tikambirane za mankhwala a mwanayu."